Mfuti ya Malemu Cedric

"Mayi Thwaite, khalani pansi kaye," anatero a Garside, katswiri woika mitengo pa mfuti zakale m'tauni ya Skipton, akusuzumira m'mipope iwiri ya mfuti ya malemu amuna a mayiwo.

"Nenani, bambo, ndikudziwa kuti inatha ntchito. Zaka makumi atatu Cedric wanga akusaka nayo nkhwali Loweruka lililonse, kaya kugwe mvula kaya chisanu. Mlenje weniweni!"

"Mfuti yotopa timailemba kuti 'yakalamba mwaulemu', ogula n'kuponya timapaundi tochepa. Koma iyi? Chogwirira chilibe ndi kachipsera komwe, m'mipope mukuwala ngati kalilole, mafuta a kufakitale akadali momwemo. Ndilemba kuti 'sinaombedwepo'. Mapaundi zikwi makumi anayi, mayi. Mwalemera!"

Mayi Thwaite anaiyang'anitsitsa mfutiyo. Anakumbukira nkhwali zija, zobwera zososolasosola, zopanda bala la chipolopolo. Anakumbukiranso Doreen, mayi wogulitsa nkhwali kubutchala, amene pamaliro analira kuposa namfedwa.

"Tiigulitse liti?" anafunsa a Garside, mano onse pamtunda.

"Musathamange, bambo," anatero mayiwo, akuibwezera mfutiyo m'chikwama mosamala. "Tandiuzani kaye: itaombedwa kamodzi kokha, mtengo ungatsike ndi zingati?"