Ayisi Amene Anapha Kapitawo

Panali bambo wina woweta nkhumba, anthu ankangomuti Akhola. Mkazi wake atamwalira anamusiyira nkhumba yamphongo imodzi, dzina lake Kapitawo, imene mayiyo anailera yekha ndi botolo la mkaka ili kamwana. Akhola akailowera m'khola ankayankhula nayo ngati munthu, chifukwa inali chinthu chokhacho cha mkazi wake chimene chinkapumabe. Chimene mtima wake unkalakalaka n'kuona ana a Kapitawo, kuti mtundu wa malemuwo usathere panjira.

Koma nkhumba zazikazi ziwiri zimene Kapitawo anakwera sizinatenge bere. Mlangizi wa ziweto anabwera, anatenga umuna wa Kapitawo m'kabotolo, n'kumutumiza Akhola ku labotale. Mayi woyeza kumeneko anali atamuchenjeza kale pafoni:

"Bambo, kabotoloko mukakulunge m'thaulo. Kasaone dzuwa, komanso kasayandikire chozizira. Mbewu ya nkhumba imafa ndi chisanu."

M'basi Akhola anakhala pafupi ndi bambo wina wa jekete, wa pakamwa potsetsereka, atanyamula kabokosi ka ayisi. Bamboyo atamva za ulendowo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Thaulo? Achimwene, ine ndagwira ntchito ya ng'ombe zaka khumi. Umuna timausunga pozizira kwambiri. Bweretsani kuno, kutenthaku kukupherani zonse."

Nanga munthu wa jekete anganame? Akhola anapereka kabotolo, kanayenda ulendo wonse kali pakati pa ayisi. Pageti la labotale anakabwezera m'thaulo mwakachetechete, kuopa kukalipiridwa ngati mwana.

Mayi uja anadontheza kadontho pagalasi, n'kusuzumira m'makina oonera tinthu tating'onoting'ono. Kenaka anadzutsa mutu.

"Palibe n'kamodzi komwe kakuyenda. Simunaziziritse, bambo?"

"Ayi mayi, thaulo lokhalokha."

"Chabwino. Musafulumire kugamula, kuyeza kamodzi sikutha mlandu. Mubwere ndi wina Lolemba."

Akhola anangomva mawu oyambawo, enawo anadutsa. Mumtima ankati, ngati mbewu yafa ili pa ayisi posungika bwino, ndiye kuti Kapitawo anatha kalekale. Kubwereranso kukamva zomwezo kachiwiri sakanatha. Ndipo kumuona Kapitawo m'mawa uliwonse, akudziwa kuti sadzasiya mwana, kunkamulasa kuposa kusamuona n'komwe. Loweruka anaitana wabutchala amene ankainyengerera nkhumbayo kwa miyezi. Poikweza m'galimoto, Akhola analowa m'nyumba n'kutseka chitseko kuti asamve kulira kwake.

Lolemba masana foni inalira. Anali mayi wa ku labotale.

"Bambo, takudikirani. Ine mtima sukundikhala. Timichira ta mbewu ija tinali topindika, monga zimachitikira ikakumana ndi chisanu. Tandiuzani zoona."

Akhola anaulula zonse, za basi, za jekete, za ayisi.

"Ho, bambo inu! Umuna wa ng'ombe amausakaniza kaye ndi mankhwala asanauziziritse. Wa nkhumba ukaugoneka pa ayisi wafa basi. Mbewu inali yambiri zedi, n'kutheka kuti vuto lili kwa zazikazizo. Bwerani ndi wina mawa, ndikhulupirira nkhumba yanu ili bwinobwino."

Akhola anathamanga ndi patapata kuphazi kumodzi mpaka kubutchala. Anapeza mwini wake akutsuka mipeni, ngowe zili mbee.

"Mwachedwa, madala. Yatha dzulo lomwe. Inalitu nyama yabwino."

Amene anandiuza nkhaniyi akuti mpaka pano Akhola amadzuka m'mawa, n'kusakaniza madeya m'ndowa, n'kupita kukhola la Kapitawo lija. Akafika pakhomo pake ndi pomwe amakumbukira. Amaima pamenepo kanthawi, ndowa ili m'manja, kenaka n'kunena chapansipansi, "Mayi a kunyumba, ndikhululukireni."

Phunziro: Wodziwa za ng'ombe sikuti akudziwanso za nkhumba, ndiye malangizo a amene akuyeza musawasinthanitse ndi a munthu wokumana naye m'basi. Mukalakwitsa nenani zoona msanga, manyazi a mphindi imodzi sapha. Ndipo akakuuzani kuti muyezetsenso, dikirani. Fulumira anadya gaga. Atumizireni alimi anzanu onse nkhaniyi, mwina ipulumutsa khola la wina.