Mano Awiri ndi Mwala Wobiriwira

"Mwala uwu ukakhala wathunthu, palibe mwana wa munthu angandikhudze," anatero a Ulisses, akudziguguda pachifuwa pomwe pankalendewera mwala wobiriwira wa mizeremizere.

Anthu a m'baraka, kanyumba komwera mowa, la pamalire a Zóbuè anavomera ndi mitu, poti wogula mowa anali yemweyo. A Ulisses anafotokozanso kakhumi kuti mwalawo, malakita, amaukumba m'migodi ya mkuwa ku Katanga, ndipo ngozi ikayandikira mwini wake umasweka wokha kuti munthu athawe mpata ukadalipo. Wawo sunang'alukepo pa zaka khumi za uguwarda wawo, akulondera mgodi wa malasha ku Moatize. Sanatchule kuti zaka zonsezo ankamenya anthu ali ndi anzawo asanu kumbuyo.

"Masiku ano wayamba kupepuka, suziziranso pakhungu. Wandizolowera."

Cândida, mayi wotunga mikanda amene ankayala malonda ake pakhomo pa barakalo, sanadzutse mutu. Ndiye anawasinthira chingwe cha mwalawo Lachiwiri.

"Kuzolowerana n'kwabwino, shefi," anatero, powatchula bwana pa Chipwitikizi.

Chapa, minibasi yochokera ku Moatize, itaima, munatsika mwamuna woonda wa zikhatho ngati mafosholo. Anali Nando, amene kale ankaumba njerwa ku Chipanga. Tsiku limene anthu ankasamutsidwa kupita ku Cateme kuti apereke malo ku mgodi, iye anakakamira pa uvuni wake, ndipo ndodo ya a Ulisses inamutera pakamwa ana ake akuona.

Nando analowa, naima patsogolo pa tebulo.

"Mano," anatero.

"Ine si mano wako," anayankha a Ulisses, poganiza kuti akuitanidwa m'bale pa Chipwitikizi. "Ubale ndi iwe unayamba liti?"

"Sindikupereka moni. Ndikunena chimene ndabwerera."

Anakweza mlomo wam'mwamba. Kutsogolo kunali mpata wa mano awiri.

Khomo lakuseri linali lotsegula, ndipo munthu wanzeru akanaliona. A Ulisses anayang'ana mwala. Anauzunguza pa kuwala, uku ndi uku. Wathunthu, wopanda ndi kamng'alu komwe. Anaseka, nanyamula botolo.

Botolo linaphwanyikira pachipumi pa Nando, magazi n'kutsikira m'maso. Iye sanabwerere m'mbuyo. Anagwira chingwe cha pakhosi chija, n'kuchipota, n'kukokera nkhope ya a Ulisses pa ngodya ya tebulo. Kamodzi. Mabotolo anagubuduka, amuna akudumpha mabenchi. Kachiwiri kunamveka ngati mphika wosweka. Chingwe chinaduka, mwala unauluka n'kukagwera m'mbaula momwe ankawotchera nkhuku.

Omwa mowa waulere aja anaima m'mbali mwa khoma, aliyense atagwira tambula yake bwinobwino kuti isatayike.

Nando anawerama, nafufuza m'magazi osakanikirana ndi mowa. Anatola dzino, kenako lina, nawaika patebulo moyandikana.

"Dzino lachitatulo likugwedera, koma si langa, ndalisiya. Mwaona nonse? Awiri. Tathana."

Onse anati aona.

A Ulisses anakwawira kumbaula, magazi akuchucha pachibwano. "Koma sunasweke," ankalira mawu akuthawira pampata watsopanowo. "Sunasweke!"

Sunaswekedi. Unali ukusungunuka pamakala pang'onopang'ono, ukutulutsa utsi wakuda ndi fungo la chidebe cha pulasitiki chopsa.

Cândida anamasula mfundo ya pakona pa nsalu yake, naika zidutswa ziwiri zobiriwira, zolemera, pafupi ndi mano aja.

"Wanu weniweni ndi uwu, shefi. Unasweka Lachiwiri lomwe lija. Ndinauthandizako ndi nyundo, koma mwalawo kunama sunaname." Kenako anapukuta magazi pachipumi pa Nando, mlongo wake. "Tiyeni, achimwene, chapa ingatisiye."