Tsiku Limene Valter Anakhuthula Thumba la Kachewere

Panali munthu wina ku Ulongwe, dzina lake Valter, mnyamata wamutu wakuthwa. Atamaliza maphunziro ku Tete, anabwerera kwawo n'kuyambitsa malonda ndi mlongo wake Nádia. Ankagula kachewere kwa alimi a ku Domwe, kumusankha bwino, n'kumamutumiza m'mahotela a ku Tete.

Antchito anali asanu okha. Wamkulu pa onse anali mayi Laurinda, a ku Domwe komweko. Alimi ambiri anali abale awo, ndipo ankagulitsa kwa Valter chifukwa cha mayiwa.

Sabata ina hotela yaikulu inaitanitsa lole yodzaza, yoti inyamuke Loweruka. Aka kanali koyamba kupeza wogula wotere. Koma sabata yomweyo mayi Laurinda anayamba kufika mochedwa, maso ali psuu. Arcanjo, wonyamula matumba, ankawasankhirako mulu wawo mwakachetechete. Nádia ankawasungira tiyi. Valter yekha ankangoyang'ana wotchi.

"Achimwene, tawafunsani kaye pambali," anatero Nádia. "Munthu sasintha popanda chifukwa."

"Ndilibe nthawi yonyengerera anthu ine. Kuno n'kuntchito, si kutchalitchi."

Lachitatu Valter anapeza thumba lina la pa mulu wa mayi Laurinda lili ndi kachewere wowola. Analikhuthula pansi anthu onse akuona.

"N'chiyani ichi? Ngati maso anatha ndi ukalamba, kakhaleni kwanu!"

Mayi aja, a msinkhu wa mayi ake omubala, anatola kachewere yense n'kumuika pambali. Kenaka anakonza chitenje chawo.

"Zikomo, shefi," anatero kwa bwana wawoyo, n'kutuluka.

Mawa lake sipanafike ngolo ya alimi ngakhale imodzi. Zonse zinalunjika ku Kalomwe, kwa ogula a pamalire. Valter anaimbira foni mlimi wina.

"Bambo, kachewere watha kodi?"

"Alipo wambiri," anayankha mlimiyo. "Koma wamva kuti kwanuko amakhuthulidwa pansi, ndiye akuopa kubwera."

Mnyamata uja anakhala pa thumba, manja m'mutu. Arcanjo anamuyandikira.

"Shefi, mdzukulu wa mayi Laurinda ali m'chipatala, ino ndi sabata yachiwiri. Amagona pansi pafupi ndi bedi, m'mawa kuphika phala, kenaka kuthamangira kuno."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Munawafunsa?"

Valter anatulutsanso foni, koma Nádia anamugwira dzanja. "Odwala sazondedwa pa foni, achimwene. Pitani ndi miyendo. Ndipo za lole mukazisiye pa geti."

Ulendo uno anamvera. Anagula shuga, sopo ndi mtolo wa nkhuni, poti odikirira odwala amadziphikira okha. Anawapeza mayi Laurinda kuseri kwa chipatala akukoleza moto. Anatula mtolo uja, n'kunjuta pafupi nawo.

"Amayi, ndinakulakwirani kwambiri. Wodwala wadzuka bwanji?"

Mayi aja anasonkhezera moto. "Wadzukako, lero wadya. Koma shefi wathunthu kusenza nkhuni? Taonani malaya mwadetsawo."

Azimayi ena a pamoto paja anaseka, naye n'kuseka. Anakhala nawo mpaka phala litapsa, n'kulowa kukamuona mwanayo. Za ntchito sanatchuleko.

Loweruka lole inanyamuka ndi theka lokha. A ku hotela anadandaula, koma anamupatsa mwayi umodzi wotsiriza. Mwana atatuluka m'chipatala, mayi Laurinda anabwera Lolemba. Valter anaimitsa ntchito n'kuitana onse.

"Ndinawanyoza pamaso panu, ndiye ndikupepesanso pamaso panu. Kuyambira lero, wina akakhala ndi vuto kunyumba, ndimve ndisanaone thumba."

"Zatha, mwana wanga," anatero mayi aja. "Tiyeni, dzuwa likukwera."

Nkhani inafika ku Domwe tsiku lomwelo, ndipo ngolo zinayambanso kubwera. Lole yachiwiri inanyamuka yodzaza mpaka pamwamba, ndipo hotela ija ikugulabe kwa iye.

Phunziro: Woyambitsa malonda asangodziwa katundu, adziwenso mitima ya anthu ake. Wantchito wabwino akayamba kulakwitsa, mufunseni pambali musanakalipe, ndipo mukalakwa pepesani msanga. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi anthu omugwirira ntchito, ngakhale atakhala mmodzi yekha.