Tsiku Limene Chulu Chinatseguka

Padangotero, chaka cha njala ija yoondetsa ndi miyala yomwe, ana a Timba anatsala pang'ono kufa. Timba anathamangira kwa Fisi wokhometsa msonkho ndi Khwangwala wotolera chakhumi, nawapeza akulimbirana udindo wosamalira amphawi.

"Ndi ntchito ya boma imeneyi," anatero Fisi. "Mubwere mawa, mayi."

"Ndi ya mpingo," anatero Khwangwala. "Yambani mwapemphera, mayi."

Timba atabwerera chimanjamanja, kamvula kanawaza, chulu cha pansi pa chisa chake n'kutseguka. Ngumbi zinatuluka ngati utsi mpaka dzuwa linabisika. Ana aja anadya nakhuta.

Timba anafunsa Chiswe, mwini chulucho: "Aneba, wakulamulani ndani kupereka ana anu omwe?"

"Palibe," anayankha Chiswe. "Timagona pansi panu ife. Kulira kwa ana kumamveka."