Ngalande Yakuba M'chiwindi

Dokotala Suarni anapendeketsa chithunzi cha chiwindi kuti a Nyoman Rauh aone. Timizere tinali titazinga chotupa cha m'chiwindi chawocho ngati mizu.

"Bambo, chotupachi chikamva njala chimaitana, ndiye mitsempha yatsopano imamera n'kumachibweretsera magazi."

A Rauh, amene anagawa madzi m'minda yampunga ya m'phiri kwa zaka makumi atatu, anatsinzina. Anamva madzi akuyenderera m'kati mwawo, akutsika munda ndi munda, akakowa akuuluka pamwamba.

"Chakumba ngalande yakuba," anatero akumwetulira. "Kwathu wotere timamutsekera madzi."

"Ntchito ya mankhwala amene tikupatseni ndi yomweyo, bambo. Koma mwina sangatseke zonse."

"Ndikudziwa, mwanangu. Inenso ndinakumbapo yanga chaka cha chilala, ndipo mpaka lero sanaipeze."