Mpata wa Madamu Esnart

Tatu atangotulukira pachipata ndi mtolo wa nzimbe pamutu, Mikaele anadzambatuka pampando ngati wakhalira linthumbu.

"Bwererani, mayi! Pakhomo pano nzimbe ndinaletsa. Ndinene m'Chiyao kuti mumve?"

Pakhonde, mkazi wake Esnart anameza malovu n'kuyang'ana kumbali.

Esnart anali mphunzitsi wa sitandade folo ku Milepa. Anabadwa ndi mpata pakati pa mano awiri akutsogolo, mpata woti njere ya chimanga inkadutsa osaodira. Akamaphunzitsa, mawu ena ankatuluka ndi kalikhweru, ndipo ana asukulu, anthu opanda chisoni aja, anam'patsa dzina loti Wenzulo. Mlongo wake wa ku Joni atamva, anam'tumiza kwa dokotala wa mano ku Blantyre.

Dokotalayo anamata kachitsulo padzino lililonse, n'kudutsitsa waya ngati akumanga khola la nkhunda. Kenako anamuuza zoti ayembekezere. Sabata yoyamba mano adzawawa ngati obwereka. Milomo idzachita tizilonda mpaka izolowere. Mwezi uliwonse azibwera kudzakungitsa waya. Akadya kanthu, ngakhale kachitumbuwa, atsuke m'kamwa. Ndipo zolimba zonse aiwale: chimanga chootcha, mtedza wokazinga, mango osapsa, makamaka nzimbe. Akamvera, pakatha chaka ndi theka mpata udzatsekeka.

Apa n'kuti chili chaka chachitatu.

Tizitsulo tinali titathothoka kasanu ndi kawiri. Kakangothothoka kamodzi, mano ankauyamba ulendo wobwerera kwawo ngati mkamwini wothamangitsidwa. Mwezi wathawu dokotala anavula magalasi n'kunena mawu omaliza: kakathothokanso kamodzi, achotsa zonse, Esnart akhale ndi mpata wake mpaka kumanda. Koma akapirira miyezi iwiri yokha, ntchito yatha.

Miyezi iwiri. Esnart ankalota tsiku limene adzaime kutsogolo kwa kalasi n'kuyankhula popanda mwana woseka kumbuyo.

Mwayi wake unali mwamuna. Mikaele, wokonza njinga pamsika, ankati nkhani za waya amazidziwa kuposa dokotala. Malamulo onse anawalemba papepala n'kukhoma pachitseko. Tsiku lokungitsa waya ankaphika yekha phala, n'kukanya nthochi ndi supuni, amuna anzake akumuseka. Lamulungu lililonse pochokera kutchalitchi ankamukhazika mkazi wake padzuwa n'kuyeza mpatawo ndi timitengo ta machesi. Poyamba tinkalowa titatu. Kenako tiwiri. Tsopano kamodzi kokha, nakonso mokakamiza. Mikaele ankakayang'anitsitsa kamtengoko nthawi yaitali, n'kungoti, "Eya, zikuyenda."

Azimayi a ku Milepa ankam'tchula pokalipira amuna awo. "Inu kuphika madzi a tiyi kukukanikani, anzanu a Mikaele akukanya nthochi!"

Mdani anali Tatu yekha. Mayi ameneyu zinali ngati ali ndi mankhwala. Mikaele akangotuluka, kaya wapita ku Njuli kaya ku Boma, iye uyu watulukira. Ankatula mtolo, kusenda nzimbe ndi kampeni kake, madzi akuchucha m'zala, n'kuiika pafupi.

"Kungolawa, madamu. Adokotala ali ku Blantyre, akuonani ndi maso ati?"

Esnart anakulira m'mbali mwa dimba. Ankakana kamodzi, ankakana kawiri. Kachitatu pankamveka kuti khwa! Madzulo Mikaele ankapeza mkazi akulira, kachitsulo kali m'manja. Sankakalipa. Ankangopukusa mutu n'kuyatsa moto wa phala.

Koma lero Tatu anali atalakwitsa nthawi.

"Achimwene, ine ndimangodutsa," anatero akubwerera chafutambuyo.

"Kudutsa? Msewu wa ku Limbe unasamukira pakhonde panga liti? Tiyeni, tulukirani kuseriku, madamu asazione n'komwe!"

"Bambo a Yamiko, musawakalipire kwambiri," anatero Esnart kwa mwamuna wake, dzanja lili pakamwa. "Wolakwa ndine."

"Inu khalani pomwepo. Miyezi iwiri si zaka."

Anam'pitikitsa Tatu kuzungulira nyumba, mawu ake akumveka mpaka kumjigo. Esnart anamvetsera, mtima uli myaa. Amuna otere Mulungu anasiya kuumba. Anakumbuka mmene anakumanirana kukwaya, iye akuseka, Mikaele atangoti kakasi kumuyang'ana pakamwa mpaka kuiwala nyimbo. Anakumbukanso tsiku limene anamuuza kuti akukatseketsa mpata. Mwamuna wina akanayambitsa mlandu. Mikaele anangonena kuti, "Mano ndi anu, mayi." Esnart anakhudza waya ndi lilime n'kulumbira kuti ulendo uno sam'chititsa manyazi.

Kuseri kwa khola la mbuzi, Mikaele anasiya kukuwa. Anasuzumira kukhonde, n'kutsitsa mawu.

"Ndinati Lachinayi, mayi. Lero n'Lachitatu. Mawa ndikupita ku Limbe kukagula masipoko a njinga, mubwere madamu akangoweruka kusukulu. Musankhe yakutsinde, yolimba ija."

Tatu anakonza nkhata pamutu. "Koma achimwene, simuwamvera chisoni madamu?"

Mikaele anatulutsa kamtengo ka machesi m'thumba n'kumuonetsa, maso ali ndi misozi.

"Kwatsala kamodzi aka. Ine ndinakwatira mpata wa timitengo titatu."