Kagalimoto ka Paison Mumchenga

Anthu akhala akunong'onezana kuti Paison amakonda kagalimoto kake kuposa munthu, ndipo ine sindikutsutsa. Ndi kofiira, ka mipando iwiri basi, kokwawa pansi ngati kamba, koma pamsewu wa tala wa ku Nchalo kamathamanga mpaka mbuzi kusowa kothawira. Mwiniwake amati akakaponda moto amaiwala mavuto onse.

Ndiyetu dzana kanatitimira mumchenga wa mtsinje wouma kwa Lundu, Paison akuthamangira kuchipatala ndi amayi ake odwala.

Mimba ya kagalimotoko inakhala pamchenga, matayala akungozungulira. Paison anagwada n'kumakumba ndi manja, mchenga ukuotcha ngati phulusa lamoto. Mlongo wake woti akawadwazike anali atatsala kunyumba, poti mpando wachitatu mulibe.

"Mwananga, zimitsa chinthu chakochi," anatero amayiwo, akupuma movutika. "Chikungobangula, osayenda."

"Katuluka, amayi. Injini yake ndi yamphamvu kwabasi."

"Mphamvuzo zili kuti? Nditulutse, ndikupsa muno."

Anawanyamula n'kuwagoneka pamthunzi wa kagalimotoko, koma mthunziwo sunafike ndi kumiyendo komwe. Anavula shati n'kumawakupiza nayo. Foni inalibe netiweki.

Kutsidya, patali ndithu, kunatulukira ngolo yodzaza thonje, ikubwera mwaulesi. Paison anakuwa mpaka mawu kusasa, koma ng'ombe sizidziwa changu, ndipo woyendetsayo sanadzutse n'komwe mutu. Dzanja la amayi aja linayamba kulemera m'dzanja la Paison.

Inuyo mukanatani, kuthamangira ngoloyo kapena kukhala nawo pompo?